Mboni Yachiwiri pa Mlandu wa Dzanja Langa

Sadzi, Zomba
Lolemba, 15 Julaye 2024

Okondedwa mlongo wanga a Dora,

Mtendere wa Ambuye ukhale ndi inu, ndi onse a m'nyumba mwanu ku Chiringa. Ndiyamba ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi phazi lija linatupa muli kuno laphwa tsopano? Nanga mankhwala amene anakupatsani kuchipatala mukumwa monga anakulangizani, kapena mwawasungira alendo m'chitini monga mwa khalidwe lanu? Ife kuno matupi ali bwino, kupatula bondo la alamu anu a Pauline, limene limadana ndi mwezi uno chaka ndi chaka. Koma mzimu wanga uli wosweka, ndipo ndicho chimene chandigwiritsa cholembera.

Mudzadabwa kuti sindinaimbe foni. Kwanuko foni imagwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi pokhapo, ndipo munthu ayenera kufuula kufikira a kudambo amve. Nkhani iyi si yofuulira pa chulu. Chifukwa chake ndaipereka kwa a Amisa, aja amabweretsa nandolo mumsika wa Zomba, pakuti abwerera kwanuko mawa m'mamawa. Muwerenge nokha, mutakhala pansi, ndipo musapatse mdzukulu aliyense kuti akuwerengereni, chinkana maso atavuta.

Za kuno n'zochepa. Chisanu chakula kuposa chaka chatha. Mwera uomba tsiku lonse, ndipo milomo ya ana yang'ambika. Madzi anasiya kutuluka m'mipope masiku atatu, kotero kuti amayi a kuno anatsikira kumtsinje ndi zidebe ngati kale. Apusi a kuphiri afika mpaka kuseri kwa nyumba, natha mapapaya onse amene munati mudzatenga mbewu yake. Izi ndalemba kuti musati ndaiwala mwambo wa kalata. Tsopano ndinene chimene ndalembera.

Mwana wanu Miriam ali pafupi kutaya ntchito ya zaka zitatu, ndipo womtayitsa ndine, malume wake, amene munamuika m'manja mwanga bambo ake atamwalira.

Ndidziwa kuti mukamfunsa chimene aphunzira kusukulu ya ukachenjede, amangoseka nati ndi za mafoni. Ine ndakhala naye nyumba imodzi, ndamfunsa kawirikawiri pa chakudya, ndipo ndilongosola monga ndinamvera, kuti muzindikire kukula kwa chinthu chimene tinachigwira. Mawu ndi zithunzi za m'foni zimayenda pa mafunde osaoneka. Alipo mafunde ena afupiafupi, kutalika kwake ngati njere ya mpunga, amene asenza uthenga wochuluka koposa, koma afooka msanga. Mvula iwatsekereza, ngakhale masamba a mtengo. Kuti afike patali asowa kachipangizo kowakankha ndi mphamvu, kamene eni ntchito akatcha ampulifaya. Tsono, monga anenera iye, maampulifaya ambiri a mafunde otere ndi osakaza: pa magawo khumi a magetsi amene adya, asanu ndi atatu angosanduka kutentha, awiri okha ndiwo agwira ntchito. M'tauni zimenezi zipiririka. Koma kumudzi ngati kwathu, kumene nsanja ya foni iyenera kudalira dzuwa ndi mabatire, kusakaza kotere kumatha mabatire tsiku lisanathe.

Miriam anakonza kake mwa nzeru ina. M'kachipangizo kamodzi anaikamo mbali ziwiri, ngati ng'ombe ziwiri m'goli limodzi. Ina igwira ntchito nthawi zonse. Inzake igona, nidzuka pokhapo katundu akalemera, ndipo akapepuka igonanso osadya kanthu. Anawerengera kuti potero magawo anayi adzagwira ntchito m'malo mwa awiri. Mu Meyi anandikweza pamwamba pa phiri kuti ndikaone nsanja imene adzayeserapo. Tinadutsa m'nkhalango ya paini, ine ndikupumira m'mwamba, iye akundiseka kuti ukalamba wandipeza. Titafika pamphepete anandilozera chigwa chonse kufikira ku phiri la kwathu la Michesi, nati tsiku lina amayi adzalankhula nafe atakhala pa mkeka pakhonde pawo. Nkhope imene anali nayo tsiku limenelo sindinaionenso.

Zaka ziwiri anajambula kachipangizoko pa kompyuta. Kuno kulibe fakitale yopanga zinthu zazing'ono chotero. Zojambulazo anazitumiza kutsidya kwa nyanja, kumene alandira ntchito za ophunzira kamodzi pa chaka, ndipo anadikira miyezi isanu ndi inayi. A fakitale ya kumeneko anampangira tizipangizo titatu tokha, kalikonse kochepa kuposa bokosi la machesi. Ndi tomwe tija tinafika m'kabokosi Loweruka la 22 Juni, inu muli kuno.

Mukumbukira. Chipinda chawo choyeseramo zipangizo, chimene achitcha labu, chinali chotseka tsiku limenelo. Miriam anabwera nako kunyumba kabokosiko, nakaika pamwamba pa kabati, natiuza tonse awiri kuti pasapezeke wokakhudza kufikira Lolemba. Alamu anu anali kumaliro ku Likangala. Miriam anapita kukwaya. Ndipo inu, ndi mtima wa mayi, munati kodi chinthu chimene mwana wachivutikira zaka zonsezi chikalowe ntchito chosapemphereredwa? Sindikuikani mlandu pa mawu amenewo. Anali mawu abwino. Mlandu uli pa ine, amene ndikadatha kupemphera kabokosi kali pa kabati pomwepo, pakuti Yehova sasowa kuti timtsegulire chivindikiro kuti aone za m'kati. Koma ndinazolowera kusanjika manja. Ndasanjika manja pa mbewu za chimanga, pa makasu, pa njinga zatsopano, pa mitu ya odwala osawerengeka. Ndinatsegula. Ndinatulutsa tiwiri m'timatumba take tonyezimira, ndipo pamene chala changa chinafika pa tizitsulo ta golide ta m'mbali, ndinamva kulasa kwakung'ono ngati kwa singano, pa koyamba ndi pa kachiwiri pomwe. Mlongo wanga, ndichita manyazi kulemba ichi: ndinayesa kuti ndi chizindikiro chakuti pemphero lamveka. Tinabwezera zonse monga zinalili, ndipo mwanayo atabwera sitinanene kanthu.

Lachitatu lotsatira, inu mutabwerera kale, Miriam analumikiza koyamba ku magetsi. Kanatentha nthawi yomweyo, nikafa. Anafufuza mawaya onse masiku awiri, nalumikiza kachiwiri mosamala koposa, ndipo nakonso kanafa imfa yomweyo. Anafika kunyumba dzuwa lili pamutu, iye amene sanafikepo nthawi yotere, nakhala pakhonde chikwama chili pamiyendo. Alamu anu atamfunsa, anati walakwitsa masamu. Ati pali penapake m'zojambula zake pamene anaphonya, ndipo chinthucho chimadzidya chokha chikangolawa magetsi. Ine ndinali pomwepo, ndipo sindinaganize n'komwe za Loweruka lija. Ndinamtonthoza ndi mawu a m'Malemba, ine mwini tsoka lake.

Kuyambira pamenepo mwanayo wasanduka wina. Chakudya angochitembenuza m'mbale. Kwaya waleka. Mapepala a masamu wawayala pansi m'chipinda chake monse, ndipo wawabwereza kuyambira pachiyambi kasanu ndi kawiri, kufunafuna cholakwa chimene mulibe. Siketi imene inamkwana pa Pasaka tsopano aimanga ndi pini.

Lachinayi lapitali alamu anu anandituma ndimpititsire chakudya ku labu, popeza anachoka osadya. Pakhomo anandiimitsa a Henderson, mkulu wosamalira zipangizo za m'menemo, munthu wa nthabwala. Anati madala, muno ngakhale abusa amavula jekete, vulani juziyo. Nditavula anandimanga kachingwe pa mkono, kokhala ndi waya wopita ku tebulo. Ndinafunsa kuti ndamangidwa pa mlandu wanji. Iwo anaseka nati samanga ine ayi, amanga mphezi imene ndabwera nayo. Nandiuza kuti m'nyengo ino ya chisanu chouma thupi la munthu limakundika magetsi obisika, makamaka atavala juzi, omwe aja amathetheka tikamavula. Ati kwa munthu ndi kulasa kwakung'ono chabe, koma kwa kachipangizo konga ka Miriam ndi mphezi yeniyeni, imene iboola m'kati osasiya chipsera chooneka kunja. Kotereko kamaoneka kamoyo, koma kakalawa magetsi kamapsa pomwepo. Anaonjeza kuti iwo poyamba anakayikira chomwecho, koma Miriam anatsimikiza kuti timatumba tija sitinatsegulidwe ndi munthu kuchokera ku fakitale kufikira pa tebulo lawo.

Ndinakhala pa mpando wosapatsidwa. A Henderson anayesa kuti ndi matenda a shuga, nathamangira madzi.

Tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinamuitana Miriam pakhonde ndi kumuululira. Ndinati ndine ndinatsegula, ndine ndinagwira, masamu ake alibe banga. Anandifunsa funso limodzi: pamene ndinachita zimenezi, anaona ndani? Apa ndipo pali tchimo langa lachiwiri, loposa loyamba. Ndinakumbukira inu. Ndinaganiza za mkwiyo wa mwana pa mayi ake, ndi kuti mwina sadzapondanso ku Chiringa; ndinaganiza za kuthamanga kwa magazi anu. Ndinati ndinali ndekha.

Anaseka, mlongo wanga, kuseka kopanda chimwemwe. Anati amalume, amayi anali pa mpando wa pabalaza tsiku lonse, phazi lili pa mtsamiro, moyang'anana ndi kabatiyo. Nanga munawatuma kuti ndi phazi limenelo? Ati ndaphunzira sayansi m'mawa kwa a Henderson, madzulo ndakhala kale katswiri. Ati adziwa kuti ndimkonda, ndipo n'chifukwa chake ndapeka nkhani kuti ndisenze cholakwa chake, koma iye si mwana wa Sande sukulu woti apatsidwe siwiti kuti aleke kulira. Ndinayamba kubweza mawu anga, koma ndisanakutchuleni anandidula, nati mkulu wa mpingo amene asintha umboni kawiri pa khonde limodzi angamkhulupirire pati? Pomaliza anandilasa ndi mkondo wanga womwe: anati inu nomwe munandiphunzitsa kuti m'bwalo la akulu ampingo mlandu sugamulidwa pa mboni imodzi. Anafuna kundilumbiritsa kuti ndisakuuzeni za kulephera kwake, ndinakana kulumbira. Masiku onsewa ndayesa kuiyambanso nkhaniyo, koma ndikangotsegula pakamwa iye atuluka panja.

Alamu anu ndinawauza zonse, osabisa kanthu. Akusankha nyemba, anati bambo, manja anuwo mukadawasunga m'matumba tsiku limodzi lokha, kodi akadakuchotsani ukulu wa mpingo? Anati ndakhala zaka zonsezi ndikuwadzudzula iwo kuti salabadira malangizo, koma mwana atanena kuti musakhudze, ndinayesa kuti mawuwo ndi a ena, osati a ine. Ndiwonso anati ndileke kuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, nditenge pepala ndilembere mlongo wanga.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala m'bwalo la akulu. Ndafunsa anyamata ndi atsikana mafunso olimba, ndipo ena ndawaika pa chilango chifukwa chobisa theka la choona. Taonani tsopano: ndinanena choona chachikulu ndi kuthiramo bodza laling'ono, ndipo bodzalo lameza choonacho. Dzulo kunali Mgonero. Ndinapempha abusa kuti mbale anyamule wina.

Katsala kamodzi, kachitatu, kamene sindinakagwire. Madzi akatayika saoleka, ndidziwa. Koma awa sanatayike onse. Ndinabwerera kwa a Henderson Lachisanu ndi kuwaululira monga ndaululira inu. Nthabwala zinawathera. Anati ngati zili chomwecho, kachitatuko kayenera kugwira ntchito, ndipo oyesa mayeso akafika pa 30 mwezi uno kadzakwezedwa pa nsanja ija ya kuphiri, kutumiza uthenga kuchokera kumeneko kufika padenga la labu kunsi kuno, monga kunakonzedwa poyamba. Koma anati chinthucho si chawo, ndi cha Miriam, ndipo iwo sangakalumikize mwini atakana.

Ndipo mwini akana. Anena kuti nakonso kadzapsa, ndipo sipadzatsala kanthu koti odziwa aunike kuti apeze pamene analakwa. Kuli bwino kabwerere kutsidya kwa nyanja kali kamoyo, kakang'ambidwe ndi makina a kumeneko, kuti obwera pambuyo pake apindule. Aphunzitsi ake aakulu ali kunja kwa dziko, ndipo avomera, pakuti amva za kwa iye yekha. Wapezeka munthu wokwera ndege woti akatenge. Kadzachoka m'Zomba Lachisanu likudzali m'mawa. Pamodzi nako Miriam wakonza kalata yosiyira maphunziro, yosainidwa kale. Ndaiona ndi maso anga pa tebulo lake. Nthawi imene sukulu inampatsa itha mu Sepitembala, ndipo fakitale ija sidzalandiranso ntchito kufikira chaka chamawa. Kakachoka Lachisanu, zatha.

Chifukwa chake ndikupemphani chinthu chimodzi, ndipo ndichipempha chogwada, chinkana ndine mkulu kwa inu. Bwerani. Nyamukani Lachitatu m'mawa pa minibasi ya msewu wa ku Jali. A Amisa avomera kukuperekezani ndi kukugwirani dzanja pokwera ndi potsika. Mukalephera Lachitatu, Lachinayi ndilo tsiku lotsiriza. Mudzakhale pamaso pa mwana wanu ndi kunena zimene maso anu anaona.

Ndidziwa kulemera kwa chimene ndikupemphani. Ndikukutumani kuti mudziulule nokha kwa mwana amene sanakukayikireni chibadwire. Adzakwiya, ndipo mwina padzapita miyezi asanakulankhuleni bwino. Ndinayesa kukutchinjirizani ku mkwiyo umenewo, ndipo onani chimene chabala. Kuli bwino atikwiyire tonse awiri ntchito yake ili moyo, kusiyana ndi kuti atikonde akudziyesa chitsiru masiku onse a moyo wake. Pakuti chimene chindiwawa koposa si pepala la sukulu ayi, koma kuti mwana wanzeru wakhulupirira kuti mutu wake umamnamiza, ndipo ine ndimuona akufota tsiku ndi tsiku pa tebulo langa.

Sadzakhulupirira msanga; adzakufunsani mafunso monga mwa ntchito yake. Adzafunsa kuti ndinavala juzi iti, ndinakhala pa mpando uti, timatumba tinali totsekedwa motani ndipo tinatitsekanso ndi chiyani, kachitatu ndinakasiya chifukwa ninji, ndi mawu amene inu munanena pamene ndinadzidzimuka ndi chala. Mayankho ake sindinalembe muno mwadala, kuti asati ndakuikani mawu m'kamwa. Ndawalemba pa pepala lina, ndalimata m'envulopu, ndi kulisiya kwa a Henderson lero m'mawa, inu musanalandire kalata ino. Inu mukatha kunena zanu, iwo adzatsegula langa, ndipo mwanayo ayerekeze yekha. Ngati mwaiwala china, nenani kuti mwaiwala. Musakometse kanthu chifukwa cha ine. Kalata inonso mubwere nayo, mumpatse awerenge yonse, ndi manyazi anga omwe.

Ndidzakhala pa depoti Lachitatu kuyambira m'mawa kufikira minibasi yotsiriza, ndi Lachinayi momwemonso.

Mundiperekere moni kwa achimwene athu a Benard ndi banja lawo, kwa azakhali a ku Nambazo ngati makutu akumvabe, kwa mwana wanu Nickson ndi mkazi wake, kwa adzukulu onse, ndi kwa amayi anzanu a Mvano. Alamu anu a Pauline apereka moni, ndipo akonza kale pogona panu. Abale akakufunsani chimene mwanyamukira mwadzidzidzi, musawanamize; nenani kuti Justus walakwa, ndipo wakuitanani.

Yehova akusungeni panjira, ndipo akufikitseni Lachisanu lisanache.

Ndine mlongo wanu, wolakwa ndi dzanja ndi pakamwa pomwe,

Justus Namakhwa